Mbalame Iti, Achimwene?

Hot Springs, Arkansas
14 Meyi 1984

Achimwene a Lowell ndi alamu anga a Nadine,

Landirani moni nonse awiri. Ndikukhulupirira kuti mukadali moyo, chifukwa mukanafa bwenzi wina atandiitana kale kuti ndidzaphikire anthu a pamaliro. Ine ndafika bwino. Basi inandigwedeza kuchokera ku Missouri mpaka kuno, moti mawondo amene dokotala ananditumizira kunowa sakudwalanso okha. Msana nawo walowa m'gulu.

Chipinda ndapeza kwa mayi wina wamasiye, kuseri kwa msewu waukulu. M'mawa uno ndinapita koyamba kokasamba. Nyumba zosambiramo zandandalika mumsewu ngati matchalitchi a anthu olemera, koma zambiri n'zotseka. Ndinalowa imene ikupumabe. Mayi wina wa manja ngati a wopha nkhumba anandivula, kundiviika m'madzi otentha ochokera m'phiri, n'kundikwecha msana ngati poto wopserera. Kenako ananditsekera m'bokosi lachitsulo la nthunzi, mutu wokha uli panja, n'kundipatsa kapu ya madzi omwewo kuti ndimwe. Ndinati, “Kodi mukundichiritsa kapena mukundiphika?” Iye anati, “Amayi, ofunsa choncho ndi amene amalawirira mawa.”

Anthu a kuno ali ndi nkhani ziwiri basi, zigawenga ndi mpira wa besibo, uja woponya wina n'kumenya ndi ndodo. Aliyense wa imvi anametako mkulu wa zigawenga wa ku Chicago amene ankabwera kudzasamba kuno, kapena anawakhako mpira womenyedwa ndi katswiri wina. Ngati onsewa akunena zoona, chigawengacho chinali ndi ndevu zokwana mudzi wonse.

Alamu, ntchito imene munandituma sindinaiwale. Ndifunsa za achimwene, ndipo ndikapeza chithunzi kapena umboni uliwonse, nditumiza.

Tsopano nkhani yeniyeni. Ng'ombe zanga zili bwanji? Chiyambire utsikana wanga sindinazisiyepo. Mumuuze Hoyt wa pafamu yoyandikana nayo kuti asamachedwe kukama, komanso kuti Beulah, yofiira ija, sifuna manja ozizira. Inu achimwene sindikukupemphani kanthu, ndikudziwa za dzanja. Kungoima pampanda n'kuziwerenga kokha mwina mungathe, poti kumafuna maso.

Ndine mlongo wanu ndi mlamu wanu,
Opal

*

Sorrel Creek, Missouri
19 Meyi 1984

Okondedwa alamu a Opal,

Ambuye alemekezeke kuti munafika bwino! Kuno tonse tili bwino, ng'ombe zili bwino, Hoyt akubwera m'mawa ndi madzulo osaphonya. Akuti ndi mwayi kwa iye kuthandiza banja la munthu amene anakana kugwadira zigawenga. Ndinatsala pang'ono kulira.

Komiti yakumana ndipo zatsimikizika. Pa 4 Julayi bwalo la mpira la tauni yathu lidzapatsidwa dzina la amuna anga. Chikwangwani akuchipenta kale. Ndalemba mawu oti a meya adzawerenge, muwaone ngati ali bwino:

“Mu Malichi 1939, Lowell Pickrell, mnyamata wa kwathu kuno, anapita ku Hot Springs kumene matimu ankayesa anyamata. Anali woponya mpira amene dziko lonse likanamudziwa. Koma zigawenga zotchova juga zinamuuza kuti aponye mwaulesi dala kuti timu yake igonje. Iye anakana. Zigawengazo zinamupanikiza dzanja lamanja ndi chitseko cha galimoto. Anataya mpira, koma sanataye chilungamo.”

Pomalizapo ndaganiza ndekha, alamu. Mai abusa akuti pakoma.

Chokhacho, a meya akuti tikadzakhala ndi kanthu kooneka, kaya chithunzi, kaya mawu a munthu amene analipo, mwambowo udzalemera. Chonde yesetsani. Ndinafunsa a Lowell mayina a anzawo a nthawiyo, koma akuti zimawapweteka kukumbuka. Mukuwadziwa mmene alili odzichepetsa.

Komiti yagwirizananso kuti inu mudzaphike nkhuku ndi mbatata za alendo, poti palibe amene amatha ngati inu.

Wanu mwa Ambuye,
Nadine

*

Opal,

Moni. Ndalowetsa kapepala aka mu envulopu ya Nadine asanaimate. Ng'ombe zikudya, zikuchita zimene ng'ombe zimachita.

Unapita kumeneko kukaviika mawondo. Viika mawondo. Zomayendayenda n'kumatchula dzina langa kwa anthu osawadziwa uzisiye. Ukuganiza kuti anthu aja anatha? Anthu otero satha. Ali ndi ana, ali ndi zidzukulu, ndipo saiwala. Ine anandithyola dzanja. Iwe adzakuthyola chiyani, poti mawondo ndi otha kale?

Nadine umuuze kuti unafunsa koma onse anamwalira. Ulemuwu ine sindinaupemphe, koma poti anthu afuna, kukana kungakhale mwano.

Mchimwene wako,
Lowell

*

Hot Springs
25 Meyi 1984

Achimwene,

Moni. Kapepala kanu ndakalandira, ndipo kandikhudza kwambiri kuona kuti mukudera nkhawa moyo wanga. Sindinkadziwa kuti mumadziwa kuti ndili nawo.

Zigawenga zanuzo ndaziona. Zimakhala pabenchi pafupi ndi mpopi wa madzi otentha pamene anthu amadzaza zigubu. Wina amene akuti anali mlonda pa nyumba ya juga, boma lisanatseke zonsezo, watsala ndi dzino limodzi ndi thumba la mankhwala. Anandiopseza koopsa. Anandipempha kuti ndimugwire mkono aimirire.

Bwalo limene munkasewerapo lija pano ndi poimika magalimoto. Ndinaima pamenepo mwaulemu kufikira wina atandiimbira hutala.

Koma musataye mtima, umboni ukubwera. Dzulo ndimadya mlamba wokazinga pa kalesitilanti kena, ndipo mwini wake anandilozera mkulu wina pakona. Dzina lake ndi a Cleve Ragsdale. Nthawi yanuyo iwo ndiwo ankagwada kumbuyo kwa womenya, kuwakha mipira ya anyamata oyesedwa. Ndinapita n'kunena kuti, “Bambo, pepani, kodi mukukumbuka mnyamata wa ku Missouri dzina lake Lowell Pickrell?”

Anaika foloko pansi. “Pickrell? Wamtali, makutu ngati zitseko za galimoto?”

“Yemweyo. Makutuwo akadali nawo.”

Achimwene, munthuyo anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, anatsokomola mpaka mwana wawo wamkazi anachita kuwamenya pamsana. Akuwatulutsa, anatembenuka misozi ili mbwee n'kunena kuti, “Mayi, mubwere kwathu Lachinayi. Ndidzakuuzani zonse za mnyamata ameneyo. Zonse!”

Ndiye ndipita. Sindinaonepo munthu akuseka chonchi pokumbukira ngwazi, koma mwina kuno ndi mwambo wawo.

Alamu muwauze kuti mawu a a meya ali bwino. Muwathokozenso pondisankha kudzaphika. Ndimaopa kuti mwina andikhazika pampando.

Beulah ikutulutsa mkaka bwanji? Mwangoti zikudya. Ngakhale ng'ombe yodwala imadya.

Opal

*

Sorrel Creek
29 Meyi 1984

Opal,

Ndinakuuza chiyani? Ragsdale ndikumukumbuka bwino. Anali chidakwa ali mnyamata, ndipo mipira yambiri inamumenya m'mutu. Munthu wotero ungamukhulupirire kuposa mchimwene wako wa bere limodzi?

Pofika pamene ukuwerenga kalatayi ndikudziwa kuti wakuuza kale. Ndiye tamvera. Chilichonse chimene wanena chokhudza mbalame ndi bodza. Panalibe mbalame. Ndipo ngakhale ikanakhalapo, mpanda unali wotsika, chikwangwani chochenjeza panalibe, aliyense akanalowa. Za buluku ndi bodza lenileni, ndinatuluka nditavala. Mtsikanayo sindimudziwa, sindinamulonjeze kanthu, ndipo anali ndi chibwenzi kale.

Anthu amachita nsanje, Opal. Akaona munthu akulemekezedwa amayamba kupeka. Iwe ndi wophunzira, unatsala pang'ono kukhala mphunzitsi, uyenera kudziwa kusiyanitsa.

Kalatayi uiwotche. Nadine asamve chilichonse, mtima wake si wolimba. Ukabwera tikambirana zokugulira makina okamira, ndakhala ndikuziganizira kwa nthawi yaitali.

Mchimwene wako amene amakukonda,
Lowell

*

Hot Springs
31 Meyi 1984

Achimwene,

Moni. Yankho lanu silinafike, koma ndati ndilembe lero lomwe mtima usanabwerere mwakale.

Ndachokera kwa a Ragsdale. Chimene ankaseka chija ndi ichi. Akuti tsiku loyamba munafika pabwalo mutavala ovololo ya kumunda, mutanyamula thumba la mazira ophika amene amayi anakulongedzerani, ndipo munagawira aliyense dzira, ngakhale woimbira masewero. Anyamata a m'mizinda anakusekani. Akuti kenako munaponya mpira woyamba, ndipo kuseka kunatha.

“Mayi,” anatero, “ine ndawakha mipira ya anthu amene mayina awo ali m'mabuku. Wa mchimwene wanu unkalira ukamabwera. Ndinkaika nyama yaiwisi m'golovesi kuti chikhatho chisang'ambike. Akanafika patali mwana ameneyo.”

Ndinafunsa za zigawenga. Akuti iwo sakudziwa kanthu. Tsiku lina simunabwere pabwalo, anangomva kuti mwapweteka dzanja ndipo mwakwera sitima. Akuti masiku amenewo kunali anthu oipa ndithu, ndiye chilichonse chikanatheka. Anandigwira mkono n'kunena kuti ndikuuzeni kuti Cleve sanaiwale.

Ndinatuluka ndili ndi manyazi, achimwene. Mukundidziwa pakamwa panga. Zaka zonsezi ndakhala ndikukuponyerani mawu, chifukwa ndinkaona zanga zokha zimene ndinataya pamene munabwera ndi dzanja lomangidwa. Sindinaganizepo bwinobwino za zimene inu munataya. Ndinkayesa kuti munkangokokomeza za luso lanulo. Lero ndamva kwa munthu amene alibe chifukwa chonamira.

Pa 4 Julayi ndidzaphika ndi mtima wonse. Musazolowere, kalata yotere sindidzalembanso.

Mlongo wanu,
Opal

*

Hot Springs
4 Juni 1984

Achimwene,

Kalata yanu ya pa 29 ija yafika lero. Inasemphana ndi yanga panjira.

Mbalame iti?

Opal

*

Hot Springs
11 Juni 1984

Achimwene a Lowell,

Moni. Mwangoti zii, ndiye ndaona kuti ndisakuvutitseni, ndadzifufuzira ndekha. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu mwatsekula chitseko, mazenera ndi denga lomwe.

Ndinabwerera kwa a Ragsdale n'kufunsa ngati kuno kunali mbalame yotha kuvula munthu buluku. Anati mbalame zokhazo zinali nthiwatiwa, pa famu ina imene alendo ankapita kukaonerera, pafupi ndi bwalo lanu lija. Famuyo inatsekedwa kalekale, koma mtsikana amene ankagulitsa matikiti pachipata akadalipo. Dzina lake ndi Eulalie Poteet. Pano amagulitsa timiyala tonyezimira m'mbali mwa msewu wopita kunyanja.

Ndinawapeza atakhala pansi pa ambulera. Ndinangotchula dzina lanu.

“Ambuye wanga!” anatero. “Wa nthenga uja! Akadali moyo?”

“Ali moyo. Akufuna kumutchulira bwalo la mpira.”

“Chifukwa chothamanga?”

Anandipatsa mpando. Akuti munkabwera pachipata tsiku ndi tsiku kudzawauza kuti ali ndi maso ngati nyenyezi. Lamlungu lina iwo anangonena mocheza kuti chipewa chawo chikanakoma chikanakhala ndi nthenga. Inu munati, “Dikirani pomwepo.” Mpanda, achimwene, akuti unali wautali kuposa munthu, ndipo chikwangwani chinali chachikulu moti ngakhale nthiwatiwazo zikanawerenga. Munakwera. Munayandikira yaimuna, yakuda, imene ogwira ntchito pomwepo ankaiopa, n'kuigwira kumchira.

“Mayi, ndaonapo mahatchi a mpikisano,” anatero a Eulalie, “koma liwiro limene anatulutsa mchimwene wanu sindinalionenso. Anazungulira khola lonse, mbalame ili pambuyo pake, akuitana amayi ake. Pokwera mpanda buluku linakodwa pa waya, iye n'kugwera kunja chamutu, dzanja lili pansi. Buluku linatsala m'mwamba ngati mbendera. Ana a Sande sukulu ochokera ku Little Rock analipo, anaomba m'manja poganiza kuti ndi mbali ya chionetsero.”

Ndinafunsa ngati nthengayo anailandira. Akuti ayi.

Ndinaseka nawo, achimwene, ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Kuseka kunathera m'basi pobwerera.

Ndikukumbutseni, poti zimakupwetekani kukumbuka. Munatsika sitima dzanja lili m'bandeji, n'kunena za zigawenga. Abambo, ndi chifuwa chawo chija, anatenga mfuti kuti akakwere sitima yomweyo, amayi anachita kuwagwira miyendo. Ine sutikesi yanga inali yolongedza kale, malo ku koleji ya aphunzitsi nditapeza. Munati dokotala wanena kuti zala zanu sizidzathanso kufinya kanthu. Ng'ombe zinali zodzaza khola, wokama panalibe. Abambo anati, “Opal, mchimwene wako wavulalira chilungamo, iwenso perekapo kako.” Ndinamasula sutikesi. Emmett, chibwenzi changa chija, anandidikira mpaka anatopa, n'kupita ku California ndi wina. Inu munavala tayi, munayamba kugulitsa inshuwalansi, ndipo anthu ankagula chifukwa chofuna kugwira chanza dzanja limene linakana zigawenga. Ine ndinakalambira pansi pa ng'ombe.

Ndikanadziwa kuti moyo wanga ndikuupereka chifukwa cha mchira wa mbalame, bwenzi nditapemphako nthenga imodzi.

Musaope, sindiuza munthu. Alamu alibe mlandu, ndipo sindikufuna kuti aziyenda chozolika m'tauni. Mukaimirire pa 4 Julayi, muwerame, mulandire m'manja mwanu. Makina okamira musagule. Mwachedwa nawo pang'ono.

Ndaikamo chithunzi chakale cha pa famupo chimene a Eulalie andipatsa. Akuti nthiwatiwa yachiwiri kuchokera kumanzere ndi imeneyo. Ndati mwina mwaisowa.

Opal

*

Sorrel Creek
17 Juni 1984

Alamu,

Sindikudziwa poyambira. Moni.

Kalata yanu inafika Lachisanu a Lowell atapita kokameta. Nditagwira envulopu ndinamva kuti muli chithunzi, ndipo ndinati, zikomo Ambuye, umboni uja wafika. Komiti imakumana masana omwewo mu holo ya kutchalitchi. Sindinaitsegule, alamu. Ndinkafuna kuti tonse timve limodzi. Panali a meya, abusa ndi akazi awo, aphunzitsi a mpira, Hoyt, ndi amayi onse ophika.

Ndinaimirira n'kuyamba kuwerenga ndi mawu anga a pa Sande. Mukudziwa kuti ine ndikamawerenga pagulu ndimasamala katchulidwe, tanthauzo limandipeza mochedwa. Ndinafika pa nthiwatiwa ndikuganizabe kuti ndi dzina la chigawenga. Ndinazindikira pa buluku. Ndinalekera pomwepo. Mai abusa, mwa chifundo chawo chodziwika chija, anati, “Bweretsani ndikuthandizeni,” n'kuwerenga mpaka pa dzina lanu. Anawerenganso bwinobwino paja mwalemba kuti simuuza munthu.

A meya anagwira pakamwa ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Aphunzitsi a mpira anatuluka panja, ndipo tinkawamva ali kuseri kwa holo. Koma pofika pa za sutikesi yanu munalibenso woseka. Chithunzi chija chinazungulira aliyense.

Hoyt sanaseke n'komwe. Anaimirira, kuvala chipewa, n'kunena kuti, “Mayi Pickrell, ine ndili ndi ng'ombe zanga. Abambo anga anatchetchera banja limeneli udzu zaka zambiri chifukwa cha dzanja limenelo. Auzeni amuna anu kuti aitane mbalame idzawakamire.”

Madzulo amenewo sanabwere. M'mawa sanabwerenso. A Lowell anadzitsekera kuchipinda, osadya. Ng'ombe zanu zinayamba kulira, alamu, mabere atatupa, kulira komveka mpaka kumsewu. Ine kukama sinditha, ndinakulira m'tauni. Ndinaimbira anthu atatu, onse anali otanganidwa mwadzidzidzi.

Kenako ndinamva chitseko. Ndinawaona akudutsa pabwalo, atavala nsapato zanu za m'khola, ndowa ili m'manja. Ndinawatsatira mwakachetechete n'kusuzumira. Anakhala pa kampando kanu, mutu atatsamira pamimba pa ng'ombe, akukama. Ndi manja awiri, alamu. Lamanja lija likufinya bwinobwino, mkaka ukulira m'ndowa ngati mvula pa malata.

Ine ndakhala ndikuwadulira nyama m'mbale chikwatiranireni. Mabotolo ndimawatsegulira, tayi ndimawamangira. Ndinaima pakhomo la kholalo mpaka anandiona. Anati, “Nadine, zikuoneka ngati layamba kupepuka.” Ndinati, “Ambuye ndi wamkulu.” Chakudya chamasana ndinawaikira nyama yosadula, ndi mpeni pambali.

Komiti yati chikwangwani chinapentedwa kale ndiye mwambo uchitika basi. Wina wajambulapo kale mbalame ya khosi lalitali pakona. Ana a timu akufuna azitchedwa Nthiwatiwa za ku Sorrel Creek, ndipo aphunzitsi awo akuti aganizira.

Za kuphika zija muiwale. Ndachita manyazi kuti ndinakupemphani. Ndikhululukireni, alamu, pa kalatayo ndi pa zina zimene sindinazione pomwe zinali pamaso panga.

Nadine

*

Sorrel Creek
20 Juni 1984

Opal,

Moni. Beulah imaponda. Yandigwetsera ndowa kawiri ndipo yanditupitsa msongolo. Umatani kuti isiye?

Yakuda ija bere limodzi lalimba, kaya ndi matenda kaya ndi ine. Msana ukundiwawa. Zala zimachita dzanzi pofika pa ng'ombe yomaliza. Sindinkadziwa kuti zimatenga nthawi chonchi, ndiponso kuti ukangomaliza kutsuka ndowa nthawi yokamanso imakhala yayandikira.

Kokameta sindikupitako. Kutchalitchi ndinakhala kumbuyo. Nadine amandiyankha koma sandiyamba.

Ragsdale ananenadi zija za mpira wanga, kapena unangopeka kuti undisangalatse?

Ubwera liti?

Lowell

*

Hot Springs
25 Juni 1984

Achimwene,

Moni, ndipo ndikuyamika Mulungu pa chozizwitsa chimene alamu andiuza. Ndinakafotokozera mayi wondikwecha msana uja kuti madzi awo ndi amphamvu kuposa mmene amalengezera. Wosamba ndine, kuno ku Arkansas, koma wochira ndi mchimwene wanga ku Missouri. Akuti mukalola aika chithunzi chanu pakhomo.

A Ragsdale ananenadi, mawu onse. Ine kupeka nkhani sinditha, luso limenelo kwathu linapita kwa mmodzi. Munali woponya mpira weniweni, achimwene, ndipo zimenezo zokha zikanakwana kuti anthu akumvereni chisoni. Mukanatsika sitima n'kunena kuti, “Ndachita zopusa chifukwa cha mtsikana,” abambo akanakutukwanani sabata imodzi, tauni ikanaseka mwezi umodzi, dzanja likanapola, ine ndikanakwera basi yanga. Koma zapita.

Bere lolimbalo muzilithowa ndi nsalu ya madzi ofunda musanakame, ndipo mukame mpaka lithe. Likapanda kusintha muitane dokotala wa ziweto, musadikire. Beulah muziyamba mwaotha manja, muziiyankhula, ndipo musaiyandikire mwamantha chifukwa imadziwa. Kuponda iziponda basi. Kholo lakale la ng'ombe imeneyo linandithyola chala chaka choyamba chija. Ndinakama ndi dzanja linalo, poti kwathu kunalibe zigawenga zoti ndizinamizire.

Alamu muwasiye, adzakuyambani akadzafuna. Botolo likawavuta muziwatsegulira.

Mwafunsa kuti ndibwera liti. Mawondo ayamba kumva bwino, ndipo ndazindikira kuti mankhwala ake si madzi okha. Ndi kudzuka dzuwa litatuluka. Sindinkadziwa kuti anthu ena amakhala chonchi. Mayi wa nyumba akuti chipinda ndikhoza kukhalamo mpaka chisanu, a Eulalie akufuna wowathandiza pa timiyala tawo, ndipo a Ragsdale andilonjeza kundiphunzitsa kutchova makadi ngati chigawenga. A Eulalie akukupatsani moni. Akuti chipewa chija anataya, musavutikenso.

Pa mwambo wanu sindidzakhalapo. Mudzapite, achimwene, mudzaimirire pansi pa chikwangwanicho, mbalame ndi zonse. Akaseka mudzaseke nawo, sizipha. Kungoti muwauze a meya afupikitse mawu awo. Ng'ombe sizidziwa 4 Julayi, ndipo pofika chakumadzulo zidzakhala zikukudikirani.

Mlongo wanu,
Opal